Kuopa moto wa Gehena n'kwina, kutembenuka mtima n'kwina

Chaka china mu June, anthu atangomaliza kupuntha soya, pa msika wina kufupi ndi Santhe panafika alaliki ndi galimoto yodzaza katundu. Anatsitsa jenereta ndi zimkuzamawu, n'kumangirira chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu. Dzuwa litalowa anthu anakhamukirako, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri chifukwa cha chisanu, anyamata atakwera pa ngolo kuti aone bwino. Pa chinsalupo anaonetsa kanema wa anthu akupsa m'moto, akukuwa, khungu likusupuka koma osafa. Kanemayo atatha, mlaliki anatifunsa ngati tinayamba takhudzapo chitsulo cha m'balani ya fodya moto uli lawilawi. Ku Kasungu kuno aliyense akudziwa kutentha kwa m'balani. Iye anati kumeneko ndi kuzizira, Gehena ndiye moto, ndipo amene sakufuna kukapsa athamangire kutsogolo.

Mwa anthu oyamba kuthamanga munali bambo wina wogula mbewu pamsikapo, amene tonse tinkamudziwa. Anagwada pafumbi, analira misozi ndi mamina omwe, anabwereza pemphero limene mlaliki ankatsogolera, ndipo dzina lake linalembedwa m'kope. Lachisanu la sabata yomweyo ndinanyamula thumba la soya la mayi anga pa njinga. Tinali titalipima kale pa sikelo ya kalabu ya alimi ndipo linali makilogalamu 50. Atalikoleka pa sikelo ya bambo uja, muvi unaima pa 44. Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa motsitsa mawu: "Achimwene, si inu munkalira usiku uja?" Iye sanakwiye n'komwe. Anangoti, "Mayi, za Mulungu n'za Mulungu, bizinesi ndi bizinesi."

Sindikunena kuti bamboyo ananamizira kulira. Ndinali naye pafupi, ndinaona milomo yake ikunjenjemera. Anachita mantha enieni. Nkhani yanga yagona pomwepo: munthu akhoza kuopa moto wa Gehena ndi mtima wake wonse, koma mtima womwewo osatembenuka ngakhale pang'ono. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 77 pa 100 aliwonse m'Malawi muno ndi Akhristu. Ambiri a ife tinamvapo ulaliki wa moto kuyambira tili ku Sande Sukulu. Chikhala kuti mantha amenewa ndiwo amasintha munthu, bwenzi masikelo a m'misika yathu ali olungama, katapila atatha kalekale, ndipo mkazi wamasiye akugona tulo osaopa kuti akuchimuna abwera kudzasasula malata.

Ndinene msanga, kuopa kuti wina anganditenge ngati munthu wosakhulupirira: chiweruzo chiliko, ndipo ndimachiopa. Yesu sanali munthu woopseza anthu ndi zinthu zopeka. Chimene chikundivuta ndi mmene ife tatengera chiphunzitso cholemera chotere n'kuchisandutsa chikwapu chothamangitsira anthu kutsogolo kwa guwa, kenaka n'kuwerenga mitu yawo ngati zokolola.

Tiyambe ndi mawu eni ake, chifukwa ambiri a ife timangoti Gehena paliponse, pamene Baibulo lili ndi mawu osiyanasiyana. M'Chipangano Chakale muli mawu a Chiheberi akuti Sheol, amene amapezeka nthawi zoposa 60. Kumeneko ndi kumalo kwa akufa, abwino ndi oipa omwe. Yakobo atauzidwa kuti Yosefe wajiwa ndi chilombo, anati adzatsikira ku Sheol akulirabe mwana wake (Genesis 37:35), ndipo palibe amene anganene kuti Yakobo ankayembekezera kukapsa. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, anaikapo mawu akuti kumanda pa vesi imeneyi, ndipo anachita bwino, chifukwa makolo athu nawonso ankadziwa za kumanda ndi za mizimu ya amene anatsogola, koma ng'anjo ya moto yolangiramo akufa sankaidziwa. M'Chipangano Chatsopano muli mawu a Chigiriki akuti Hade, ofanana ndi Sheol uja, ndipo buku la Chivumbulutso limati pamapeto pake imfa ndi Hade zidzaponyedwa m'nyanja ya moto (20:14). Ndiye kuti Hade payokha si mathero.

Gehena ndi mawu ena. Linali dzina la malo enieni, Chigwa cha Hinomu, chakumwera kwa Yerusalemu, chimene mpaka lero munthu akhoza kukayendamo. M'chigwa chimenechi mafumu Ahazi ndi Manase anawotcha ana awo powapereka nsembe kwa mafano (2 Mbiri 28:3 ndi 33:6). Mfumu Yosiya anadzadetsa malowo kuti mchitidwewu uthe (2 Mafumu 23:10), ndipo Yeremiya analosera kuti adzatchedwa Chigwa Chophera Anthu, atanenanso kuti zowotcha anazo Mulungu sanazilamule, sizinalowe n'komwe mumtima mwake (7:31-32). Alaliki ambiri amakonda kunena kuti chigwacho chinali dzala la mzinda pamene zinyalala zinkayaka usana ndi usiku. Baibulo silinena zimenezo. Nkhaniyi timaipeza kwa mphunzitsi wachiyuda David Kimhi cha m'ma 1200, patapita zaka zoposa 1,000 chichokereni Yesu. Chimene omvera a Yesu ankamva akatchula Gehena chinali manyazi a mtundu wawo, malo amene anthu a Mulungu anachitira chonyansa chachikulu, ndi chiweruzo chimene chinatsatira.

Mawu akuti Gehena amapezeka nthawi 12 m'Chipangano Chatsopano chonse. Nthawi 11 akutuluka pakamwa pa Yesu, kamodzi ali m'kalata ya Yakobo, pamene akukamba za lilime. Tsono taonani amene Yesu ankawauza mawuwa. Pa Mateyu 5, pa phiri paja, ankaphunzitsa ophunzira ake, khamu likumvetsera, ndipo anati wonena m'bale wake kuti chitsiru ayenera Gehena wamoto. Pa Mateyu 10 ankalangiza khumi ndi awiri aja. Pa Maliko 9 analinso ophunzira, atangokangana za amene ali wamkulu. Pa Mateyu 23 anali alembi ndi Afarisi, akuluampingo a nthawi imeneyo, amene ankapereka chakhumi cha timbewu tonunkhira koma kusiya chilungamo ndi chifundo. Kwa mayi wa ku Samariya uja wa amuna asanu sanatchule Gehena. Kwa Zakeyu sanatchule. Kwa mayi wogwidwa m'chigololo sanatchule. Ife tinatembenuza zinthu. Moto timaulozetsa kwa mnyamata wa kachasu, kwa mtsikana wa m'bala, kwa agogo amene anakana kusiya gule, pamene ife okhala pa mabenchi akutsogolo timangovomereza ndi mutu ngati uthengawo ndi wa eni ake.

Nanga motowo ndi wotani? Apa Akhristu owerenga Baibulo lomwelo, okonda Ambuye yemweyo, sanamvanepo chimodzi. Ine ndinaziona pakhonde pathu penipeni. Bambo anga anali a CCAP kuyambira ubwana wawo, pamene mlongo wawo, azakhali anga, anakwatiwa ndi munthu wa Seventh-day Adventist n'kulowa komweko. Azakhali akabwera kudzacheza, nsima ikangotha, mabuku ankatuluka. Bambo ankatsegula Mateyu 25:46 n'kunena kuti mawu amodzimodzi akuti chosatha ali pa chilango ndiponso pa moyo, choncho ukafupikitsa chimodzi wafupikitsa zonse. Ankawonjeza Chivumbulutso 14:11, za utsi wokwera kunthawi za nthawi. Azakhali ankayankha modekha: "Achimwene, werengani Aroma 6:23. Malipiro a uchimo ndi imfa, sanati moyo wosatha m'moto." Kenaka ankapita pa Mateyu 10:28, pamene Yesu akunena za Iye wokhoza kuwononga moyo ndi thupi lomwe m'Gehena, ndi pa Malaki 4, pamene oipa akusanduka phulusa. Ankakangana mpaka mafuta a m'koloboyi kutha. M'mawa azakhali ankadzuka kukatunga madzi a alamu awo amene ankadwala msana, ndipo bambo ankawaperekeza mpaka pa msewu atawanyamulira nkhuku.

Mkangano wa pakhonde pathuwo ndi wakale kwambiri, ndipo anthu awiri amene anaukometsa anali a mu Africa muno. Augustine, bishopu wa ku Hippo, dera limene lero lili m'dziko la Algeria, amene anamwalira mu 430, anaphunzitsa mwamphamvu kuti chilango n'chosatha ndipo wolangidwayo amachimva. Chiphunzitso chimenechi ndicho chinakhazikika mu mpingo wa Katolika ndi m'mipingo yambiri ya Chipulotesitanti, ndipo ndicho chinafika kuno ndi amishoni a Dutch Reformed amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndi ansembe a White Fathers amene anakhazikika ku Kachebere. Origen wa ku Alexandria, amene anakhalako Augustine asanabadwe, ankayembekezera kuti moto wa Mulungu ndi woyenga, ndipo pamapeto pake zolengedwa zonse zidzabwerera kwa Iye. Maganizo amenewa mpingo unadzawakana m'zaka za m'ma 500. Njira yachitatu ndi ya azakhali ija, yakuti osalapa adzawonongedwa n'kutheratu. Imaphunzitsidwa ndi a Adventist, amene ali m'dziko muno kuyambira 1902 pamene anayamba ku Malamulo, ndipo si iwo okha: mu 1988 John Stott, mlaliki wa Anglican wa ku London wolemekezeka pakati pa a Evangelical dziko lonse, analemba kuti iyenso akupendekera komweko.

Ngakhale pakati pa okhulupirira chilango chosatha, si onse amene amati ndi moto wa nkhuni ngati wa m'kanema uja. Yesu yemweyo amene ananena za moto ananenanso za mdima wakunja (Mateyu 8:12), ndipo moto umene ife timaudziwa sukhala pamodzi ndi mdima. John Calvin, kholo la mipingo ya Reformed ndi ya Presbyterian, anaphunzitsa kuti mawu amenewa ndi mafanizo ofotokoza chinthu choopsa chimene lilime la munthu silingachikwanitse. Katekisimu wa mpingo wa Katolika wa 1992 amati chilango chachikulu cha Gehena ndi kulekana ndi Mulungu kwamuyaya, ndipo mu 1999 Papa John Paul II anafotokoza kuti Gehena, koposa kukhala malo, ndi mkhalidwe wa munthu amene wadzipatula yekha kwa Mulungu mpaka kalekale.

Ine ndinatsalira kwa bambo anga. Mawu a pa Mateyu 25:46 amandilemera, ndipo sindinapeze njira yowapeputsira. Koma sindingayerekeze kunena kuti azakhali anga, amene analera ana amasiye atatu osakhala a mtundu wawo, sanatembenuke mtima chifukwa chakuti ankawerenga Malaki mosiyana ndi ine. Palibe pamene Baibulo limati munthu adzapulumuka chifukwa chodziwa kutalika kwa chilango. Ndamvapo mlaliki akunena kuti wokana moto wosatha ndiye woyamba kukalowamo. Mawu otere ndi olakwa, ndipo amalekanitsa mabanja pachabe.

Masiku ano kwabweranso china. M'mafoni mwathu mumayenda mauthenga a pa WhatsApp a anthu onena kuti anafa, anakaona ku Gehena, n'kubwerako. Amafotokoza zipinda zake, amatchula amene anawapezako: amayi ovala mabuluku, ovala ndolo, oika mesh kumutu, abusa a mipingo ina. Amayi athu a Chigwirizano amatumizirana mauthengawa usiku, ena osagona nawo tulo. Ndimawamvetsera ndipo chimodzi chimandidabwitsa nthawi zonse: m'zipinda zonsezo sindinamvemo mwini esiteti wosalipira antchito, kapena wolanda munda wa ana amasiye, kapena wobera pa sikelo. Chikhalirecho pa Mateyu 25, pamene Yesu mwini akufotokoza tsiku lachiweruzo, mafunso ake ndi a njala, ludzu, mlendo, usiwa, matenda ndi ndende. Ndiponso Yesu anayankhiratu nkhani ya anthu obwera kuchokera kwa akufa. M'fanizo la mwini chuma ndi Lazaro, mwini chumayo ali m'Hade akupempha kuti Lazaro atumidwe kukachenjeza abale ake asanu. Abrahamu akukana, akuti ali ndi Mose ndi aneneri, ndipo ngati samvera amenewo sadzakopeka ngakhale wina atauka kwa akufa (Luka 16:31). Chimene Abrahamu anakana m'fanizomo ife tikuchifalitsa ndi mabandulo athu. Ndipo tisaiwale chimene chinamufikitsa mwini chuma kumeneko. Fanizolo silinena kuti ankamwa mowa kapena kuvina. Linangoti pakhomo pake panagona munthu wa zilonda, iye n'kumadya mosangalala tsiku ndi tsiku.

Wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Anena kuti nyumba ikamapsa sunong'oneza, umakuwa. Anena kuti kalata ya Yuda imatiuza kupulumutsa ena powakwatula kumoto, ndipo mlaliki wobisa chiweruzo ali ngati mlonda wa pa Ezekieli 33 amene anaona lupanga likubwera osaliza lipenga. Anenanso kuti alipo anthu amene anayamba ndi mantha ndipo lero ndi mizati ya mpingo. Zonsezi n'zoona, ndipo ine sindikupempha abusa kuti atseke pakamwa pa nkhani ya chiweruzo. Mpingo wongolalikira madalitso ndi magalimoto nawonso ukunamiza anthu, mwina koposa. Mantha akhoza kumudzutsa munthu ku tulo. Koma kudzuka kokha si kufika kumudzi. Ziwanda zimakhulupirira kuti Mulungu alipo ndipo zimanthunthumira (Yakobo 2:19). Palibe amene amadziwa za chiweruzo kuposa izo, koma sizinatembenuke. Kazembe Felike atamva Paulo akukamba za chilungamo, kudziletsa ndi chiweruzo chilinkudza, anagwidwa ndi mantha, koma vesi yotsatira ikuti ankayembekezerabe kuti Paulo amupatsa ndalama (Machitidwe 24:25-26). Bambo wa sikelo uja ali m'Baibulo kale.

Mantha ndi moto wa mapesi, umalilima msanga n'kuzima msanga. Jenereta ikachoka, dzuwa likatuluka, munthu n'kuona kuti akadali moyo, zonse zimabwerera m'malo mwake. Ndiponso mantha okhaokha sachotsa kudzikonda. Munthu wothawa moto akudziganizirabe yekha: khungu langa, moyo wanga, malo anga kumwamba. Mulungu amangokhala ngati boti lowolokera Bua atadzaza, ukafika tsidya sulicheukiranso. Munthu wotere amayamba kufunsa kuti ndi machimo angati amene angachite osapsa, ndipo amafuna chiphaso: pemphero lija ndinapemphera, dzina langa lili m'kope, ubatizo ndinalandira. N'chifukwa chake bambo uja anatha kulekanitsa za Mulungu ndi za bizinesi popanda kuchita manyazi. Kwa iye nkhani ya moto inali itatha usiku womwe uja.

Atumwi sanalalikire chotero. Werengani maulaliki onse a m'buku la Machitidwe: amanena za Yesu wopachikidwa ndi wouka, amanena kuti Iye ndiye adzaweruza amoyo ndi akufa, amaitana anthu kulapa, koma simupezamo kufotokoza malawi ndi kukuwa kwa opsa, ndipo mawu akuti Gehena mulibe. M'makalata ake onse Paulo sanawalembepo mawu amenewa, ngakhale amanena momveka za mkwiyo wa Mulungu ndi chiwonongeko. Iye akuti ubwino wa Mulungu ndiwo umamutsogolera munthu kukulapa (Aroma 2:4), ndipo amasiyanitsa chisoni cha kwa Mulungu, chobala kutembenuka mtima, ndi chisoni cha dziko lapansi, chobala imfa (2 Akorinto 7:10). Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, umene mipingo ya Reformed imaulemekeza, ukafunsa kuti kutembenuka koona n'chiyani umayankha ndi zinthu ziwiri: kufa kwa umunthu wakale, kumene ndi kumva chisoni chenicheni chifukwa cha tchimo, kudana nalo ndi kulithawa, ndi kuuka kwa umunthu watsopano, kumene ndi kukondwera mwa Mulungu kudzera mwa Khristu ndi kukonda kuchita chifuniro chake. Chimene munthu wotembenuka amadana nacho ndi tchimo lenilenilo, osati chilango chake chokha. Ndipo m'yankhomo muli chimwemwe, chinthu chimene sindinachione pankhope ya munthu aliyense usiku wa kanema uja.

Yohane Mbatizi ankalalikira moto, inde, nkhwangwa ili pamizu ya mitengo. Koma anthu atamufunsa kuti tichite chiyani tsono, sanawauze kuti bwerezani mawu awa. Anati wa malaya awiri agawire amene alibe. Kwa okhometsa msonkho anati musalipitse zopitirira zimene munalamulidwa. Kwa asilikali anati musalande za anthu, musanamizire munthu, akukwanireni malipiro anu (Luka 3:10-14). Akanalalikira pa msika wa fodya wa Chinkhoma nyengo ya okushoni, sindikukayika kuti akanakamba za masikelo, za mabelo oikamo zinyalala pakati, ndi za kope la ngongole za matenanti. Si kuti ntchito zimenezi zimagula chipulumutso. Zakeyu sanayambe wabweza ndalama kuti Yesu alowe m'nyumba mwake. Yesu ndiye anayamba, anamuitana ndi dzina ali mumtengo, n'kukadya kwake anthu akung'ung'udza. Kubweza kanayi ndi kugawa theka la chuma kunabwera pambuyo, kuchokera mumtima wa munthu amene walandiridwa asanayenere. Koma kunabwera ndithu, ndipo anthu a ku Yeriko anakumva m'matumba mwawo.

Pamaliro ndiye pamandipweteka kwambiri. Ndakhalapo pa maliro a munthu amene mpingo unamudula, mlaliki n'kuimirira pamaso pa mkazi wamasiye ndi ana n'kunena kuti malemuwa pano akupsa. Kuchenjeza amoyo n'koyenera, pakuti pamaliro mpamene mitima imafewa. Koma za malemuwo anamuuza ndani? Pa mtanda paja panali chigawenga chimene mudzi wonse ukanachiweruza, koma Yesu anachilonjeza Paradaiso tsiku lomwelo. Mabuku adzatsegulidwa ndi mwini wake. Abusa ndi akuluampingo, tauzani ife otsalafe za moyo wathu, ndipo ana a malemu muwasiyire mpata wolira bambo awo.

Kutembenuka kumene ndikunenaku ndinakuona ndi maso kwa amalume anga, mlongo wawo wa mayi. Anali ndi kaesiteti kakang'ono cha ku Chamama, ankalima fodya wa bale, ndipo ankatenga matenanti ochokera ku Phalombe. Zimenezi zinali kale, lamulo la 2021 lothetsa utenanti lisanabwere. Amene anakhalapo pa esiteti akulidziwa kope lija: chimanga cha mwezi ndi mwezi, mchere, sopo, khasu, feteleza, ndalama ya kuchipatala mwana akadwala, zonse zimalembedwa, ndipo mtengo wake amaika ndi bwana. Chaka china fodya atagulitsidwa, amalume anauza tenanti wina kuti ngongole yadya zonse, palibe chotsala. Bamboyo anali atalima, atathyola, atasoka ndi kupachika fodya m'chigafa miyezi yonse ija pamodzi ndi mkazi wake ndi ana. Anachoka manja ali m'khosi. Amalume sankajomba kutchalitchi, ndipo ulaliki wa Gehena anaumva kosawerengeka. Yakobo 5:4, pamene malipiro obisidwa a okolola m'minda akufuula kwa Ambuye wa makamu, ankaidziwa pamtima.

Patapita zaka zambiri, tsiku lina ku mapemphero a mlaga kamtsikana kena kanapatsidwa kuti kawerenge Luka 19. Kankawerenga modukizadukiza, kakuloza ndi chala. Panalibe jenereta, panalibe woitanira anthu kutsogolo. Amalume anabwerera kunyumba osayankhula ndi munthu, ndipo anakhala chotero masiku angapo. Pambuyo pake anandiuza kuti chimene chinawalasa si kubweza kwa Zakeyu, koma kuti Yesu analowa m'nyumba ya wakuba akudziwa kuti mpando umene akhalirewo unagulidwa ndi ndalama zakuba. Anatsegula bokosi lachitsulo limene linkakhala kunsi kwa bedi, anatulutsa kope lija masamba ake atafiira, n'kundiitana. "Mphwanga, iwe unapita kusukulu. Tawerengera bwinobwino, pa mitengo yoona, kuti munthu uja ndinamudyera zingati." Tinawerengera usiku wonse. Atamva yankho anati tiwerengerenso molingana ndi mtengo wa chimanga wa chaka chimenecho, chifukwa kwacha inali itagwa kangapo chichokereni tenantiyo. Sabata yotsatira anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zapangolo. Akunyumba kwawo analira, ana awo anati bambo apenga.

Ndinawaperekeza. Tinakwera basi mpaka ku Lilongwe, ina mpaka ku Limbe, kenaka minibasi ya ku Phalombe, tikufunsa mudzi ndi dzina lolembedwa pachikuto cha kope. Tinapeza bamboyo anamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo. Mkazi wake anatuluka m'nyumba, anawazindikira amalume nthawi yomweyo, ndipo nkhope yake inauma. Anawatulutsira mpando koma iwo anakana, anavula chipewa n'kukhala pansi pafumbi. Anyakwawa ataitanidwa kuti achitire umboni, amalume sananene kuti masamu anasokonekera kapena kuti mlembi analakwitsa. Anati, "Mayi, ine ndinakuberani, inu ndi amuna anu ndi ana anu. Ndabwera mochedwa." Anaika ndalama pa mphasa pamodzi ndi kope lija.

Mayiwo sanazikhudze ndalamazo kwa nthawi yaitali. Anayamba kufotokoza, osakweza mawu, mmene anayendera wapansi kuchoka pa esiteti mpaka pa msewu waukulu mwana ali kumbuyo, mmene anagulitsira bulangete ndi mapoto kuti apeze yokwerera, mmene amuna awo anafikira pamudzi usiku dala kuti anthu asaone kuti abwera chimanjamanja. Amalume anamvetsera zonse mutu uli pansi, osadula mawu. Mayiwo sananene tsiku limenelo kuti akhululuka, ndipo amalume sanawaumirize. Koma dzuwa litapendeka anatuma mdzukulu kukapha nkhuku, anaphika nsima ndi nandolo, ndipo tinadya.

Pobwerera, basi itadutsa pa Dedza, ndinawafunsa ngati anachita zimenezi poopa Gehena. Anakhala chete pang'ono akuyang'ana pawindo, kenaka anati, "Gehena ndakhala ndikumuopa zaka 20, mphwanga, ndipo zaka zonsezo kope lija linali m'bokosi." Chaka chimenecho ngolo yawo inakhala pansi pa mtengo wa mango matayala ataphwa, ndipo chimanga anatuta ndi njinga, thumba limodzilimodzi, kuchokera kumunda wa kudambo mpaka kunkhokwe.